Mafunso a Owerenga: Kodi Milamba Ingaswane M'thanki ya Galasi Panyumba?

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Mwezi wathawu ndinagula thanki ya galasi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu kwa mnzanga amene akusamuka. Cholinga changa n'chakuti ndiikemo milamba iwiri, yaimuna ndi yaikazi, kuti iswane, ine ndizigulitsa ana ake kwa alimi amene ali ndi madamu. Madzi a pampopi ndili nawo, magetsinso alipo ngakhale amazimazima. Kodi ndiyambire pati, nanga ndigule zipangizo ziti?

YANKHO: Bambo, maganizo anuwa ndi abwino chifukwa alimi ambiri a nsomba m'dziko muno amavutika kupeza mbewu ya mlamba, koma tikupempheni kuti musagule kanthu kena kalikonse mpaka mutamva zimene tifotokoze. Thanki yanuyo imalowa madzi okwana malita 54 ikadzaza mpaka pakamwa. Mlamba woyenera kukhala kholo umafunika ukhale wa chaka chimodzi kapena kupitirira, wolemera pakati pa theka la kilogalamu ndi kilogalamu imodzi, ndipo nsomba ya msinkhu umenewu imatsala pang'ono kulingana ndi thankiyo kutalika kwake. Mukaika iwiri pamodzi m'malo opanikizika chotero imalumana usiku wonse mpaka kusupulana khungu, madzi amaipa tsiku lisanathe, ndipo ngati palibe chivundikiro cholemera mudzapeza umodzi uli pansi m'mawa, pakuti mlamba umalumpha komanso uli ndi chiwalo chapadera m'mutu chimene chimauthandiza kupuma mpweya wa kunja kwa madzi.

Vuto lalikulu kuposa kuchepa kwa malo ndi lakuti mlamba wa kuno kwathu, umene asayansi amautcha Clarias gariepinus, kawirikawiri suikira mazira wokha ukamasungidwa m'thanki. Kuthengo umadikira mvula yamphamvu ya dzinja, madzi akasefukira n'kulowa m'madambo, ndiye usiku umakwera kukaikira mazira mu udzu womira, ndipo mazirawo amamatirira ku udzuwo. Kukwera kwa madzi kotereku sikuchitika m'galasi la pabalaza, choncho waukazi umangokhala ndi mazira m'mimba osawatulutsa. Amene amaswetsa milamba amabaya waukazi jakisoni wa mankhwala ofulumizitsa mazira, monga Ovaprim, amene muyezo wake wodziwika ndi theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya nsomba, kapena amagwiritsa ntchito kachiwalo kakang'ono kokhala pansi pa ubongo wa mlamba wina, kotchedwa pituitary, kamene amakapera n'kukasungunula m'madzi a mchere pang'ono. Pakapita maola 8 mpaka 12, malinga ndi kufunda kwa madzi, amaugwira ndi nsalu yonyowa n'kuufinya pamimba mofatsa kuti mazira atsikire m'mbale youma bwino. Wamphongo, amene amadziwika ndi kanyama kosongoka kokhala pafupi ndi potulukira chimbudzi, safinyika ngati mmene zimakhalira ndi nsomba zina, motero nthawi zambiri amaphedwa kuti atengemo umuna. Tanena zimenezi poyera kuti mudziwiretu, popeza anthu ena akamva zoti tate wa ana a nsombawo ayenera kuphedwa amabwerera m'mbuyo, ndipo palibe cholakwika kubwerera musanawononge ndalama.

Thanki yanu ya galasiyo isatayidwe, chifukwa ntchito yake ilipo ndipo ndi yofunika kwambiri: ndi malo abwino oswetsera mazira, popeza mumatha kuona zonse zimene zikuchitika m'kati. Mumathiramo madzi akuya masentimita 15 kapena 20 okha, mumamangirira kansalu ka timabowo ta milimita imodzi pa felemu ya payipi kuti kayandame pansi pang'ono pa nkhope ya madzi, kenako mumayala mazira osakanizidwa ndi umuna pa kansaluko mopyapyala, osaunjikana. Mazira amoyo amaoneka obiriwira mosakanikirana ndi khofi, pamene akufa amayera ngati ufa ndipo amayamba kuchita chuku. Madzi akakhala ofunda madigiri 28 mazira amaswa pakangopita tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono, tiana timagwera pansi kudzera m'timabowo tija, ndipo inu mumanyamula kansaluko n'kukataya zoola zonse zisanawononge madzi. Chenjezo limodzi lalikulu pano ndi lakuti musadule neti yogonamo kuti ikhale kansalu kameneka, chifukwa maneti a udzudzu amene timalandira kuchipatala amanyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, ndipo mankhwala omwewo ndi poizoni kwa nsomba. Musatengenso mizu ya namasupuni kumtsinje kuti mazira amatirirepo, ngakhale ena amatero, popeza imabweretsa tizilombo tolusa komanso chomeracho n'chimene chikutsamwitsa kale mtsinje wa Shire.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani yonse, pamenenso anthu ambiri oyamba kumene amalakwitsa. Mapulani a malo oswetsera nsomba sayambira pa makolo, amayambira pa ana. Mlamba waukazi wa kilogalamu imodzi ungathe kupereka mazira opitirira 50,000, ndipo ngakhale ataswa theka lokha mumakhala ndi tiana tochuluka kwambiri timene tikukula tsiku ndi tsiku. Funso loyamba kudzifunsa ndi lakuti tianato tidzakhala kuti pa sabata yoyamba, pa sabata yachitatu ndi pa sabata yachisanu ndi chimodzi, ndipo adzatigula ndani. Ngati yankho palibe, ndi bwino kuswetsa kagawo kochepa chabe ka mazirawo, monga supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri, kusiyana n'kuswetsa onse n'kuwaona akutha pa masiku khumi. Kwa munthu wa panyumba tingalangize kuti pakhale zosungiramo zosachepera zinayi kuwonjezera pa galasilo: thanki ya pulasitiki ya malita 1,000 yodulidwa pakati kuti mbali imodzi ikhale ya makolo aakazi ina ya aamuna, ndiponso mabeseni aakulu kapena migolo ya pulasitiki yodulidwa mopingasa yolereramo ana mosiyanitsa misinkhu. Zonsezi zikhale pakhonde kapena m'kachisakasa kofoleredwa bwino, pa malo osalala ndi olimba. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero ngakhale galasi lanu laling'onolo likadzaza limaposa thumba la chimanga kulemera, ndipo siliyenera kukhala pa tebulo logwedera. Pansi pake muyalepo kathovu ka pulasitiki kapena labala wofewa kuti kamwala kakang'ono kasang'ambe galasi.

Kusiyanitsa ana m'misinkhu n'kofunika chifukwa milamba imadyana. Kuyambira sabata yachiwiri mudzaona tiana tingapo titakula mofulumira kuposa tinzake, ndipo mukayang'anitsitsa m'mawa mudzapeza kena katameza kanzake, mchira wokha ukutulukira kukamwa. Tiana totsogola msinkhuti tikasiyidwa momwemo timatha kumaliza beseni lonse, ndiye sabata iliyonse muyenera kutichotsa ndi kasefa n'kutiika patokha. Mabeseni muziwaphimba kuti mukhale kamdima, popeza tiana ta mlamba sitikonda kuwala ndipo timadekha tikakhala mumthunzi.

Masiku atatu oyamba tiana sitidya kanthu chifukwa timakhala ndi kathumba ka chakudya pamimba. Kathumbako kakatha timafuna chakudya chamoyo, chaching'ono kwambiri, kanayi kapena kasanu pa tsiku. Malo akuluakulu oswetsera nsomba amagwiritsa ntchito Artemia, tinkhanu tating'onoting'ono timene mazira ake amagulitsidwa ouma m'zitini n'kuswetsedwa m'madzi a mchere, koma ndi wokwera mtengo ndipo sapezeka paliponse. Njira ina ndiyo kulima tizilombo ta m'madzi monga Moina m'mgolo wapadera wa madzi obiriwira othiridwa manyowa ochepa a nkhuku, ndipo mgolo umenewu uyambitsidwe milungu iwiri musanabaye nsomba jakisoni. Ambiri amathamangira yolika ya dzira lowiritsa, imene tiana timadya ndithu, koma imaoletsa madzi mwachangu kwambiri moti ngati muigwiritsa ntchito muyenera kupopa zotsalira pansi ndi kapayipi kakang'ono ola likangotha. Pakatha milungu iwiri mungayambe kusakaniza pang'onopang'ono ufa wosefedwa bwino wa usipa ndi soya wokazinga, kapena chakudya cha ana a nsomba chogula. Gaga yekha sakwanira kwa ana a mlamba chifukwa amafuna zakudya zomanga thupi zambiri.

Za madzi, a pampopi amathiridwa kolorini kuti akhale abwino kumwa, koma kolorini amapha nsomba, makamaka tiana. Muwatunge m'mgolo wosavundikira n'kuwagoneka tsiku limodzi kapena awiri pampu ya mpweya ikugwira ntchito. Madzi a pamjigo alibe kolorini koma amatuluka opanda mpweya wokwanira, nawonso amafunika kugonekedwa chimodzimodzi. Pa zipangizo zogula, yambani ndi pampu ya mpweya yokhala ndi batire, timapayipi ndi timiyala totulutsira thovu, sefa ya siponji m'chosungiramo chilichonse, choyezera kutentha, hita ya mawati 50 kapena 100 ya galasilo, ndi timabotolo toyezera amoniya m'madzi. Sefa ya siponji ndi yabwino chifukwa siyamwa tiana, ndipo m'timabowo take mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa amoniya wochokera ku chimbudzi cha nsomba kukhala mchere wosaopsa kwenikweni. Mabakiteriyawa amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti achuluke, choncho masiponji ayambe kugwira ntchito m'thanki ya makolo nthawi isanakwane, ndipo powatsuka muziwafinyira m'madzi ochokera m'thanki momwemo, osati pampopi.

Kubaya jakisoni ndi kufinya mazira si ntchito yophunzira powerenga magazini, imafuna kuona ndi maso ndi kugwira ndi manja. Pitani ku ofesi ya zansomba ya m'boma lanu mukafunse alangizi, ndipo ngati n'kotheka kacheze ku National Aquaculture Centre ku Domasi m'boma la Zomba, kapena ku Bunda, ku yunivesite ya LUANAR, kumene kuli pafupi ndi inu. Kumeneko mukafunsenso kumene mungapeze makolo abwino. Tikuletsani kugula milamba yamoyo ya mumtsinje mwachisawawa, chifukwa m'chaka cha 2020 m'boma la Mchinji munapezeka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene amagwiranso milamba, ndipo nsomba imodzi yodwala ingathe kukuwonongerani zonse komanso kukafalitsa matendawo ku madamu a alimi amene mudzawagulitsa mbewu.

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa ku Ntcheu koma ndikugwira ntchito ku Johannesburg. Ndili ndi thanki ya galasi ya malita 80 mmene ndimasungamo tinsomba ta ndevu totchedwa Corydoras tisanu pamodzi ndi tinsomba tina totchedwa ma guppy. Kawiri konse ndadzuka n'kupeza timazira toyera titamatirira pagalasi, koma ndikabwerako kuntchito ndimapeza palibe. Ndichite chiyani kuti ndione ana?

YANKHO: Mayi, mwayamba bwino kwambiri, pakuti nsomba zikafika poikira mazira zokha ndiye kuti madzi ndi chakudya zikuyenda bwino. Mazirawo akudyedwa ndi ma guppy komanso ndi makolo eni ake, chifukwa Corydoras salera ana. Tinsomba timeneti kwawo ndi ku mitsinje ya ku South America, timakula masentimita 5 mpaka 7 okha, ndipo ndi timene tikuyenereradi thanki ya galasi ya m'nyumba. Anthu akhala akutiswetsa kwa nthawi yaitali: mtundu wa mawangamawanga, Corydoras paleatus, unaswetsedwa koyamba m'thanki ndi Pierre Carbonnier ku Paris m'chaka cha 1878.

Chimene mukusowa ndi thanki yachiwiri, yaing'ono, ya malita 40 mpaka 60, ndipo isakhale yokongoletsedwa kwambiri. Pansi muyalepo mchenga wosalala wa mumtsinje wotsukidwa bwino, wopyapyala ngati sentimita imodzi, chifukwa timiyala takuthwa timadula ndevu zimene nsombazi zimafufuzira chakudya, ndipo yodukaduka ndevu siswana bwino. Muikemo sefa ya siponji yokhwima kale kuchokera m'thanki yaikulu, hita, ndi chomera cha masamba otambalala monga Anubias kapena kamtolo ka ulusi wa juzi wa nayiloni wowiritsidwa. Pakati pa madzi ndi chivundikiro pakhale mpata, popeza nsombazi zimathamangira pamwamba nthawi ndi nthawi kukameza mpweya umene zimaupumira m'matumbo.

Sankhani yaikazi imodzi kapena ziwiri, zimene mukaziyang'ana kuchokera pamwamba zimaoneka zotambalala pamimba, ndi zamphongo ziwiri pa yaikazi iliyonse. Zidyetseni bwino kwa milungu iwiri ndi timphutsi tofiira towumitsidwa mufiriji timene amagulitsa m'masitolo a nsomba zoweta, kapena nyongolotsi zoduladula. Kenako madzulo ena chotsani theka la madzi n'kuthiramo ena ozizirako ndi madigiri awiri kapena atatu, mwachitsanzo kuchoka pa 25 kufika pa 22, kuti nsomba ziyese kuti mvula yagwa. Oweta ambiri amaona kuti zimayenda bwino zikachitika tsiku la mvula ya mabingu, imene kwanuko imayamba cha mu Okutobala. Dziwani kuti madzi a mumzinda wa Johannesburg amakhalanso ndi mankhwala ena ophera majeremusi otchedwa kloramini, amene sachoka pongowagoneka m'ndowa ngati kolorini, choncho muzithiramo mankhwala ochotsera zimenezi nthawi zonse.

Mukadzuka m'bandakucha mungathe kuona kaswanidwe kake, kamene n'kochititsa chidwi. Yamphongo imaima mopingasa kutsogolo kwa mutu wa yaikazi, ziwirizo n'kupanga chilembo cha T, ndipo yaikazi imapinda zipsepse zake ziwiri za pamimba n'kugwetseramo timazira tiwiri, titatu kapena tinayi. Ikatero imayendayenda ndi timazirato kufunafuna malo, imatsuka pagalasi ndi kukamwa, n'kutimata kamodzikamodzi, kenako n'kubwerera kwa yamphongo. Imabwereza chomwecho kwa maola angapo mpaka mazira kupitirira 100. Zikamaliza, bwezerani makolo m'thanki yaikulu tsiku lomwelo musanapite kuntchito. Ngati mazira aikiridwanso m'thanki yaikulu ija, dikirani ola limodzi kuti alimbe, ndipo muwagubuduze pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala n'kukawamata m'kabakuli ka madzi omwewo, kokhala ndi thovu la mpweya ndi dontho la mankhwala a methylene blue loteteza chuku. Amene ayera mbuu pakatha tsiku ndi osabereka ndipo achotsedwe, pamene amoyo amayamba kuda. Amaswa pakatha masiku atatu mpaka asanu, ndipo pakapitanso masiku awiri kapena atatu mungayambe kupereka Artemia wongoswa kumene kapena chakudya choperedwa ngati fumbi, uku mukusintha madzi pang'ono tsiku lililonse, chifukwa tiana timakhalira pansi pamene pamagwera zonyansa zonse.

Mukazolowera zimenezi n'kufuna nsomba ina ya ndevu imene imalera yokha ana, yesani Ancistrus, ya kukamwa komamatira pagalasi. Iyo imangofuna kaphanga ka dothi lowotcha kapena kachidutswa ka payipi kotseka mbali imodzi, chikuni cha m'madzi choti izinyambita, ndi masamba ofutsa pang'ono. Yamphongo ndi imene imakhalira mazira m'phangamo, ikuwakupiza ndi zipsepse mpaka ataswa. Pempho lathu lalikulu ndi lakuti musadzanyamule nsomba zimenezi pobwera kumudzi, ndiponso musadzataye zotsala mumtsinje uliwonse. Lamulo la zansomba la Malawi la 1997 sililola kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: msuweni wamkulu wa Ancistrus wotchedwa pleco, amene anthu anamutaya kuchokera m'matanki a m'nyumba, anadzaza mtsinje wa Marikina ku Philippines mpaka asodzi kumangokoka nsomba zopanda msika.

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Nkhotakota. Ndikufuna kuika thanki m'chipinda chophunziriramo kuti ophunzira aone nsomba za ndevu za m'nyanja yathu zikuswana. Kodi kampango kapena nkholokolo zingatheke?

YANKHO: Aphunzitsi, cholinga chanu chatisangalatsa, koma kampango musamuganizire n'komwe. Nsomba imeneyi, Bagrus meridionalis, imapezeka m'nyanja ya Malawi mokha, imatha kupitirira mita imodzi kutalika, ndipo yachepa kwambiri chifukwa cha usodzi wopyola muyezo, kotero kuchotsa ana ake m'nyanja n'kukawatsekera m'galasi ndi kuwononga chabe. Komabe nkhani yake ndi yoyenera kuiphunzitsa, pakuti kampango ndi kholo lodabwitsa: yaimuna ndi yaikazi zimateteza ana pachisa chokumba pansi pa nyanja pafupi ndi miyala, yaikazi imatulutsa mazira osabereka kuti ana adye, ndipo yaimuna imakafukula tizilombo mumchenga n'kudzatilavulira anawo. Nthawi zina ana a nsomba zina amadzabisala pachisa chomwecho kuti nawonso atetezedwe.

Nkholokolo, Synodontis njassae, ndi yosungika chifukwa imalekezera pa masentimita pafupifupi 20, ndipo madzi a kwanuko ndi amene inazolowera. Imafuna thanki yaitali mita imodzi ndi masentimita 20 kapena kuposa, ya malita 200 kupita m'tsogolo, yokhala ndi mchenga ndi miyala younjikidwa mopanga mapanga, miyalayo itakhazikika pansi penipeni kuti nsomba zikamafukula isagwere galasi. Muzisunga zinayi kapena zisanu pamodzi, ndipo pozigwira mugwiritse ntchito kabakuli m'malo mwa ukonde, chifukwa minga yake ya pamsana ndi m'mbali imakola komanso imabaya mopweteka. Koma tikuuzeni mosabisa kuti nkholokolo siswana wamba m'thanki, ndipo ophunzira angathe kumaliza Fomu 4 osaona dzira ngakhale limodzi. Ngati chimene mukufuna n'chakuti aone moyo ukuyamba, pemphani alangizi a zansomba kuti adzaswetse mazira ochepa a mlamba m'kalasimo monga tafotokozera pa funso loyamba, chifukwa pa masiku anayi okha ana asukulu amaona dzira, kugunda kwa mtima wa kamwana pa maikulosikopu, kuswa, ndi kuyamba kudya. Nkholokolo zikhale za m'thanki yoonetsera, ndipo chilolezo chozitengera m'nyanja muchipeze ku ofesi ya zansomba. Dziwaninso kuti m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, nsomba za m'mphepete mwa zilumba ndi magombe ake ndi zotetezedwa.

Pophunzitsa mungawonjezepo nkhani ya m'bale wake wa nkholokolo wa m'nyanja ya Tanganyika, Synodontis multipunctatus, amene amaswana m'matanki mosavuta koma mwa njira yachilendo. Nsomba zina zosunga mazira m'kamwa zikamaikira, iye amathamangirapo n'kuikira ake, mayi uja n'kutola onse osazindikira, ndipo ana a nsomba ya ndevuyo amaswa msanga n'kudya ana a mwini kamwa. Zimenezi zinalembedwa ndi wasayansi Tetsu Sato m'chaka cha 1986. Nsombayi ndi yachilendo m'nyanja yathu, choncho ophunzira aione pa zithunzi ndi pa intaneti pokha.

FUNSO: Akonzi, kuno ku Dedza kumazizira kwambiri ndipo magetsi amatha kuzima maola ambiri. Kodi n'zotheka kulera ana a mlamba panyumba m'nyengo yotere?

YANKHO: N'zotheka ngati musankha bwino nyengo. Musaswetse pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, chifukwa mazira amachedwa kuswa n'kugwidwa chuku, tiana sitidya mokwanira madzi akatsika pansi pa madigiri 22, ndipo makolo nawonso sakhala ndi mazira abwino m'nyengo imeneyi. Yambani mu Okutobala mpaka Febuluwale, nthawi imenenso alimi amafuna mbewu yoika m'madamu. Mabeseni akhale m'kanyumba kokutidwa ndi pulasitiki yoonekera kuti kazisunga kutentha kwa dzuwa, ndipo m'mbali mwake muwakulunge ndi makatoni kapena masaka. Madzi ochuluka amachedwa kuzizira kuposa ochepa, motero kwanuko mgolo waukulu umodzi ndi wodalirika kuposa timabeseni tambiri.

Magetsi akazima, chimene chimapha msanga ndi kusowa kwa mpweya, osati kuzizira. Milamba ikuluikulu imapirira chifukwa imapuma pamwamba, koma tiana ta milungu iwiri kapena itatu yoyamba timakhala tisanamere chiwalo chija chopumira mpweya wa kunja kwa madzi ndipo timadalira mpweya wa m'madzi wokha. Pampu ya mpweya imadya magetsi ochepa kwambiri, mawati osakwana 10, choncho batire ya galimoto yolumikizidwa ku sola yaing'ono ingathe kuiyendetsa usiku wonse, pamene hita ingamalize batire yomweyo pa maola ochepa ndipo siyenera kulumikizidwako. Pofunditsa madzi, thirani madzi otentha m'mabotolo a pulasitiki, tsekani zolimba n'kuwayandamitsa m'beseni, ndipo phimbani beseni ndi bulangete mosiya kampata. Pa nthawi yonse imene pampu yaima musadyetse, chifukwa chakudya chimawonjezera amoniya pamene sefa siikugwira ntchito, ndipo ngati batire yathanso, muzitunga madzi ndi kapu n'kuwatsanulira kuchokera m'mwamba mphindi khumi zilizonse, kwinaku mukusintha gawo limodzi mwa magawo asanu a madziwo ndi ena ogonekedwa kale a kutentha kofanana.